Kukwera phiri popanda mtolo pamutu

Sabata ino ndidakonza zoti tikambirane za kasungidwe ka ufa m'nyengo ya mvula, koma kalata imene yandipeza kuchokera kwa mayi wina wa m'boma la Ntcheu yandisinthitsa maganizo. Za ufazo ziyambe zadikira.

Mayiwa ali ndi zaka 56, ndipo mwana wawo wamkazi, mzime, amagwira ntchito ku Cairo m'dziko la Egypt. Mwanayo waitana amake kuti akamuone, ndipo walonjeza kuti akapita nawo ku chipululu cha Sinai kukakwera phiri lija timaliwerenga m'buku la Eksodo. Bambo a kunyumba avomera za ulendo wa ku Cairo, koma za phirizo akuti n'zachibwana. Alamu awo nawonso akuseka, ati munthu wamkulu amakwera phiri akafuna nkhuni, bowa kapena mankhwala, osati kungokwera kuti akaone dzuwa, ngati kuti ku Ntcheu silituluka. Tsono mayiwa akundifunsa zinthu ziwiri. Kodi pa msinkhu wawowu angathe kukafika pamwamba? Nanga n'choyenera kuti mayi wapabanja, wa zidzukulu zake, azikakwera mapiri usiku m'dziko la eni?

Yankho langa ndi lakuti pitani, mayi. Koma popeza ine ndidakwerako phirilo mu Januwale 2019 pamodzi ndi amayi anzanga a mpingo, ndipo ndidazunzika ndi zinthu zimene sindikadayenera kuzunzika nazo, ndiloleni ndikusimbireni monga zidayendera, kuti inu ndi ena amene angadzapeze mwayi wotere musadzagwe m'mbuna imene ndidagwamo ine.

Tiyambe ndi malowo. Sinai ndi chigawo cha dziko la Egypt chimene chili kum'mawa kwa ngalande ya Suez, pakati pa nthambi ziwiri za Nyanja Yofiira. Kumwera kwake kuli mapiri okhaokha a miyala yofiirira, opanda nkhalango ndiponso opanda mtsinje woyenda chaka chonse. Mu 1988 boma la dzikolo lidakhazikitsa derali kukhala malo otetezedwa, monga tili nawo ife ku Nyika kapena ku Liwonde, ndipo dzina lake ndi St Katherine Protectorate. M'kati mwake muli phiri lalitali koposa onse m'Egypt, Mount Catherine, lopitirira mamita 2,600, komanso phiri limene eni dera amalitcha Jebel Musa, ndiko kuti phiri la Mose, la mamita 2,285. Lachiwirili ndilo alendo ambiri amakwera. Nambalazi zisakuopseni. Sapitwa wathu wa ku Mulanje ndi wa mamita 3,002, ndipo tauni ya St Catherine, kumene ulendo umayambira, ili kale pamtunda wofanana ndi boma la Dedza. Chokwera chenicheni ndi mamita ngati 700 basi. Akatswiri a mbiri yakale sagwirizana ngati ili ndilodi phiri limene Mose adalandirirapo malamulo, ena amaloza mapiri ena, koma Akhristu akhala akulikwera ndi chikhulupiriro chimenecho kwa zaka zoposa 1,600.

Funso lakuti kodi n'choyenera kwa mayi ndiliyankha ndi mbiri. Imodzi mwa nkhani zakale koposa zofotokoza za kukwera phirili idalembedwa ndi mkazi. Dzina lake adali Egeria, wochokera kumadzulo kwa Ulaya, amene adayendera maiko a m'Baibulo pakati pa zaka za 381 ndi 384. Iye adakwera wapansi mpaka pamwamba, nalembera akazi anzake a kwawo kuwafotokozera zonse zimene adaona. Zolemba zakezo zidapezeka mu 1884 mu mzinda wa Arezzo ku Italy. Ndipo mu 1892 amayi awiri amapasa a ku Scotland, Agnes Smith Lewis ndi Margaret Dunlop Gibson, a mpingo wa Presbyterian, onse amasiye, adayenda masiku ambiri pa ngamila kudutsa chipululu mpaka ku nyumba ya amonke imene ili patsinde pa phirili. Iwo adabadwa mu 1843, tsono werengani nokha zaka zawo pa ulendowo. Kumeneko adapeza buku lakale kwambiri la Mauthenga Abwino anayi m'chilankhulo cha Syriac, limene malemba ake adali atafufutidwa n'kulembedwapo zina pamwamba, ndipo akatswiri a Baibulo akuligwiritsabe ntchito mpaka lero. Ndikadakhala inu, mayi a ku Ntcheu, ndikadawasimbira alamuwo nkhani imeneyi mwaulemu pa nthawi ya chakudya, kenaka n'kuwawonjezera ndiwo.

Za mphamvu sindikukayikirani n'komwe. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mayi amene wakhala akukwera nayo chitunda kuchokera ku dambo m'mawa uliwonse, nthawi zina mwana ali kumsana, miyendo yake njodziwa kale ntchito. Achinyamata ena a kunja, ovala nsapato zodula, tidawapitirira atakhala pa miyala ali wefuwefu. Chitunda sichidatigonjetse ife. Chimene chidafuna kutibweza panjira ndi manyazi, ndipo mukudziwa kuti akulu adati manyazi anapha lambe.

Tidanyamuka ku Cairo m'mawa pa basi, tidadutsa mumsewu wapansi pa ngalande ya Suez, tidaima kangapo pa zipata za apolisi kuonetsa mapasipoti, ndipo tidafika ku St Catherine dzuwa litapendeka. Tidangogona pang'ono, chifukwa ulendo wa kuphiri umayamba cha m'ma 1 koloko usiku. Anthu amakwera usiku pofuna kupewa dzuwa la masana, komanso kuti kutuluka kwa dzuwa kukawapeze ali pamwamba. Mlendo sakwera yekha. Amatsogoleredwa ndi munthu wa mtundu wa Bedouin, a fuko la Jebeliya, amene ndiwo eni mapiriwo. Ife adatipatsa mnyamata wofatsa wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Njira imene tidatsata ndi ya ngamila, yokhotakhota, ya makilomita ngati 7, imene munthu woyenda modekha amatha maola atatu.

Manyazi oyamba adali a zovala. Ife titamva mawu akuti chipululu tidaganiza za ku Nsanje mwezi wa Okutobala, tidaiwala kuti ichi ndi chipululu cha pamwamba pa mapiri. Kumeneko mpweya ndi wouma ndipo mitambo imasowa, choncho kutentha konse kumene miyala yasonkhanitsa masana kumathawira kumwamba dzuwa likangolowa. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale madzi amaundana usiku, ndipo zaka zina chipale chofewa chimagwa n'kuyeretsa nsonga za mapiri. Tisadanyamuke kuno tidalangizidwa kuti tikavale mabuluku, koma tidakana kwa m'tu wa galu. Ambiri a ife tidakula pa nthawi ya lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku. Lamulolo lidachotsedwa mu 1993, koma m'mitima ya ena a ife likadagwirabe ntchito. Ine ndidavala diresi, chitenje, juzi imodzi ndi masokosi opyapyala, ndili ndi mtima wakuti kuzizira kwa Juni ndimakudziwa. Amayi abusa okha ndiwo adavala buluku la abambo a kunyumba kwawo m'kati mwa chitenje, ndipo pamene ankakwera basi tidatsinana n'kumaseka chamumtima. Pofika 3 koloko palibe amene ankasekanso. Mphepo ya kumeneko imalowa pansi pa chitenje ngati madzi, ndipo miyendo yanga idachita dzanzi kotero kuti sindinkamva pamene phazi laponda. Amayi abusawo ankangoyenda ndawala patsogolo, nyimbo ili pakamwa.

Tsono mverani, amayi. Valani buluku lochindikala, chitenje muchimange pamwamba pake ngati mtima wanu ukufuna kutero, ndipo palibe amene adzakuoneni zachilendo. Kumtunda valani zovala zingapo zosanjikiza, malaya, juzi ndi jekete yotchinga mphepo, kuti muzivula chimodzichimodzi thupi likatentha. Chipewa chaubweya pansi pa duku, magolovesi ndi masokosi awiri n'zofunika ngati chakudya. M'tinyumba ta tiyi timene tili m'mbali mwa njirayo amabwereketsa mabulangete pa mtengo wake, koma bulangete limathandiza munthu wokhala pansi, woyenda limamupinga.

Manyazi achiwiri ndi anga ndekha, ndipo ndiwaulula chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mumachita chimodzimodzi pa ulendo wa basi wa ku Mzuzu kapena ku Johannesburg. Kuyambira madzulo sindidamwe madzi ngakhale dontho. Ndinkaopa kuti ndingafune kutaya madzi panjira, pamalo popanda tchire lobisalapo, mwana wamwamuna wa eni akutiyang'ana. Sindidadziwe kuti mpweya wouma umamwa madzi a m'thupi ndi kupuma komwe, kuti thukuta limauma munthu asadalione, ndi kuti kuzizira kumabisa ludzu. Titayenda maola awiri mutu udayamba kuwawa ngati ukung'ambika, chizungulire chidandigwira, ndipo minofu ya m'katumba idakokana. Ndidakhala pa mwala ndikuganiza kuti ulendo wanga wathera pomwepo, ndalama zonse zimene ndidasunga zaka zitatu m'chipereganyu zapita pachabe, ndipo ndikabwerera kwathu kukasimba za phiri limene ndidangolionera m'munsi.

Mnyamata wotitsogolera uja sadafunse zambiri. Adatenga botolo langa, naliunika ndi tochi, naona kuti n'lodzaza mpaka pakamwa. Adapukusa mutu monga achitira namwino kwa mayi amene wabwera ku sikelo mochedwa. Adandimwetsa pang'onopang'ono, adandigwira dzanja mpaka pa kanyumba ka tiyi kotsatira, ndipo kumeneko ndidamwa tiyi wotentha wa shuga wambiri n'kudya zipatso za kanjedza. Patapita mphindi 20 maso adayera. Atandifunsa chifukwa chimene sindinkamwera ndidangoyang'ana pansi, koma iye adazindikira, naloza ndi tochi kanyumba kena kamiyala chapatali. Zimbudzi zilipo panjirapo, zochepa ndi zotalikirana, koma zilipo. Safunsa anadya phula. Ndipo ngakhale pakadapanda chimbudzi, kodi si ife amene timatchingirana ndi zitenje pa maliro ndi pa misonkhano? Nzeru imene ndimaidziwa kuyambira utsikana ndidaiiwala chifukwa cha kuopa maso a mwana. Nyamulani malita awiri munthu mmodzi, ndipo muzimwa pang'ono nthawi ndi nthawi osadikira ludzu.

Pagulu pathu padali mayi wina wachikulire, wa zaka zopitirira 70, amene tonse tinkangowatchula kuti agogo. Iwowa adakana ngamila kuyambira patsinde. Ankati adabwera kudzayenda pamene adayenda Mose, ndipo safuna kuti kumudzi akamve kuti adachita kunyamulidwa ngati thumba la chimanga. Tidawachonderera, osatheka. Bondo litayamba kutupa chapakati pa njira ndi pamene adavomera, misozi ili m'maso, ndipo misoziyo sidali ya ululu wa bondo. Ndikunena pano kuti kukwera ngamila si kubera. Njirayo dzina lake lomwe ndi ya ngamila, ndipo eni ngamilazo ndi mmene amapezera chakudya cha ana awo. Chofunika ndi kugwirizana mtengo musadakwere, ndi kudziwa kuti ngamila imadzuka ndi miyendo yakumbuyo poyamba, choncho munthu amayenera kugwiritsa chishalo n'kupendekera chagada, apo ayi agwa chamutu. Pamenepanso mpamene buluku limaonetsa ntchito yake, pakuti pa ngamila munthu amakhala chotangadza. Agogo tidachita kuwafunditsa miyendo ndi zitenje ziwiri.

Ngamila zimalekezera pamunsi pa masitepe 750 otsiriza. Amenewa ndi miyala yosanjikizidwa, ina yaitali kufika m'bondo, yosalingana, ndipo aliyense amakwera ndi miyendo yake. Agogo adawayang'ana masitepewo ndi tochi, nati iwo afika. Tidawasiya pa kanyumba ka tiyi komaliza atafunda mabulangete awiri, pamodzi ndi mayi wina amene chifuwa chidamuthina. Si onse amene amafika pansonga, ndipo ndibwino mudziwiretu zimenezi musadanyamuke, kuti mukakafika polephera musakadzikakamize chifukwa choopa zimene akanene anthu kumudzi. Dzuwa limene tidaliona ife pamwamba ndi lomwelo adaliona iwo pamene adakhalapo.

Masitepewo adanditengera pafupifupi ola lathunthu. Ndinkawerenga 20 n'kuima, 20 n'kuima. Pamwamba pali kachalichi kakang'ono ka Utatu Woyera, komangidwa mu 1934 pa mabwinja a chalichi chakale, ndipo pambali pake pali kamzikiti, pakuti Asilamu nawonso amamlemekeza Mose monga mneneri. Tidapeza anthu ambirimbiri atakhala mothithikana pa miyala, a zilankhulo zosiyanasiyana, ena akuimba chapansipansi, ena akungonjenjemera. Kum'mawa kudayamba kufiira, ndipo mapiri amene usiku wonse adali mdima wokhawokha adayamba kuoneka limodzilimodzi, mizere ndi mizere mpaka kumene maso alekezera, opanda mtengo, opanda denga la nyumba, opanda utsi wa pamoto. Ife a dziko la msipu sitidziwa kuti dziko lingakhale lamaliseche chotero. Dzuwa litatuluka miyala idasanduka yofiira ngati mbaula, ndipo kutentha kwake kudandifika pankhope. Amayi abusa adayambitsa nyimbo ya m'buku lathu, koma mawu adatikanika tonse pa ndime yachiwiri.

Titatsika kudzawapeza agogo, adatiuza chinthu chimene chakhala m'mutu mwanga kufikira lero. Adati usiku wonse, pamene ankayenda wapansi, dzanja lawo linkangopita kumutu lokha kukagwira mtolo umene padalibe. Chibadwire adali asadakwerepo chitunda popanda nkhata. Phiri kwa iwo lidali malo a nkhuni, dambo malo a ndowa, msewu malo a thumba la kuchigayo. Adati khosi lawo lidapepuka mpaka kuwachititsa mantha, ndipo kwa nthawi yoyamba adatha kukweza nkhope akuyenda n'kuona nyenyezi, pakuti wosenza sayang'ana kumwamba. Tonse tidaseka, koma kenaka tidakhala chete, chifukwa aliyense wa ife adazindikira kuti naye ndi mmene wakhalira. Alamu anu aja akunena zoona, mayi a ku Ntcheu, kuti kwathu kuno phiri amakwera wofuna nkhuni. Koma amene amakasenza nkhunizo ndani?

Potsika pali njira ziwiri. Ina ndi ya masitepe okhaokha, okwana 3,750 kuwerengera ndi aja 750, amene amati adasanjidwa ndi amonke monga ntchito ya kulapa. Imadutsa pa kachidikha kamene amakatcha ka Eliya, pamene pali mtengo wakale wa mkungudza ndi timachalichi, ndipo amati mpamene mneneriyo adabisala pothawa Yezebeli. Njokongola, koma imadya mawondo, ndipo kwa munthu wa zaka zopitirira 50 ine ndikulangiza kubwerera njira ya ngamila. Ngozi zambiri za m'mapiri zimachitika potsika, munthu atatopa ndipo mtima uli kale kunyumba. Dzuwa nalo silichedwa kupsa. Pofika 8 koloko tidali titavula majuzi onse tikufunafuna mthunzi umene kulibe. Apa mpamene nsapato zanga zatsopano, zimene ndidagula dala chifukwa cha ulendowu n'kuzisunga m'bokosi kuti zisade, zidanditulutsa matuza zidendene zonse ziwiri. Nsapato ya ulendo wotere iyenera kukhala yotseka, ya mapanda ogwira pansi, ndiponso yoti mwayenda nayo kale masabata angapo.

Patsinde pali nyumba ya amonke ya St Catherine, yozingidwa ndi linga lalitali la miyala, imene idamangidwa molamulidwa ndi mfumu Justinian pakati pa zaka za 548 ndi 565. Amonke a mpingo wa Greek Orthodox akhalamo kuyambira nthawi imeneyo, ndipo mu 2002 bungwe la UNESCO lidaika derali m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Alendo amaloledwa kulowa m'mawa wokha kwa maola ochepa, ndipo masiku ena a mapemphero satsegula, choncho funsiranitu. Kumeneku chitenje ndi duku zidatipatsa ulemu, pamene alendo ena a zovala zazifupi ankachita kubwereka nsalu pakhomo. M'katimo amakuonetsani chitsamba cha mtundu wa mabulosi aminga chimene amati ndi mphukira ya chitsamba choyaka moto chija, ndiponso mzikiti umene waima pafupi ndi chalichi kwa zaka mazana ambiri. Koma ine chidandigwira mtima ndi chitsime chimene amati mpamene Mose adakumana ndi ana aakazi a Yetero akudzamwetsa ziweto za bambo wawo. Ndidaima pamenepo n'kuganiza kuti ngakhale m'Baibulo, pofika pa nkhani ya madzi, amene timawapeza pachitsime ndi atsikana.

Za madziwo ndinene pang'ono, pakuti n'zimene zidandidabwitsa koposa. Mvula ya kumeneko sifika ngakhale mamilimita 100 pachaka, pamene ku Lilongwe imapitirira 800. Komabe m'zigwa za pakati pa mapiri a Jebeliya ali ndi minda yozingidwa ndi mipanda ya miyala, mmene amalima mphesa, nkhuyu, makangaza ndi azitona. Mwala wa mapiriwo sumwa madzi, choncho kamvula kochepa ndi chipale chosungunuka zimatsetsereka n'kukabisala pansi pa mchenga wa m'zigwa, ndipo iwo amakumba zitsime pamenepo n'kumathirira mtengo umodziumodzi. Mwala womwewo ndi umene umachititsa ngozi: mvula ikagwa yambiri nthawi imodzi, madzi onse amathamangira m'khwawa louma n'kukokolola chilichonse, ngakhale pamene munthu waimapo sipadagwe dontho. Madzi saiwala khwawa, ndipo amene amayenda maulendo a masiku angapo m'mapirimo, kugona panja, amamvera wowatsogolera pa nkhani ya pogona. Akazi a kumeneko amaweta mbuzi ndi kusoka timatumba ta mikanda tokongola kwambiri. Mu 2019 amayi ena a mtundu wa Bedouin, a fuko lina la ku Sinai komweko, adayamba kutsogolera alendo aakazi m'mapiri a kwawo, chinthu chimene kale chidali cha amuna okha. Mukakumana nawo apatseni moni, gulani kathumba ngati muli nako kangachepe, koma musawajambule osapempha. Ambiri safuna, monganso inu simungakonde mlendo kukujambulani muli pamtondo.

Pali khalidwe lina lathu limene ndiyenera kulidzudzula, ndipo ndikudzidzudzula ndi ine ndemwe. Ife amayi a kuno tikaona kachitsamba kachilendo dzanja limayabwa, timafuna kuthyolako kambewu kokabzala pakhomo. Kumeneko n'koletsedwa, ndipo chifukwa chake chilipo. M'mapiri amenewo muli kagulugufe kobiriwira motuwa, kamodzi mwa tating'ono koposa pa dziko lonse, kosaposa chikhadabo, kamene sikapezeka kwina kulikonse. Moyo wake wonse umadalira kachitsamba kamodzi konunkhira kamene kamamera m'mapirimo. Chitsamba cha m'chipululu chimatenga zaka kuti chikule kufika pa chibakera, ndipo ku Ntcheu sichingamere n'komwe. Mabotolo ndi mapepala a masiwiti mubwerere nazo m'chikwama, pakuti kouma chotero zinyalala siziola.

Tauni ya St Catherine yasintha chichokereni ine. Kuyambira cha m'ma 2021 boma la Egypt lakhala likumanga mahotela, misewu ndi nyumba zatsopano kumeneko, ndipo pali kusagwirizana pakati pa ofuna alendo ochuluka ndi amene akudandaula kuti bata la malowo likutha. Mwana wanu afufuze za malo ogona, za mitengo ndi za chitetezo cha pamsewu masiku a ulendo atayandikira. Ngati mungathe kusankha nyengo, miyezi ya Malichi, Epulo, Okutobala ndi Novembala njofatsa kuposa Januwale amene tidapita ife.

Chotsala ndi kukonzekera kwa kuno. Ngati muli ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ya shuga, ya mtima kapena mphumu, kaonaneni ndi adokotala musadagule n'komwe nsapato, muwauze kuti mukufuna kukwera mamita 700 usiku kozizira, ndipo mankhwala anu akakhale m'thumba la jekete, osati m'sutikesi yotsala ku hotela. Kwa miyezi iwiri muziyenda katatu pa sabata, ola limodzi poyamba, kenaka awiri, pa chitunda chenicheni, mutavala nsapato zomwe mukakwere nazo. Ku Ntcheu mapiri simusowa. Anthu adzafunsa kumene mukupita chimanjamanja, ndipo ena adzati mwayamba misala. Tengani mnzanu mmodzi wa ku Mvano kapena wa ku mphakati kuti misalayo ikhale ya awiri.

Kunena za bambo a kunyumba, musapite mokangana, pakuti ulendo wonyamuka ndi mkwiyo sukoma ngakhale dzuwa litatuluka bwanji. Nthawi zambiri mwamuna akati chinthu n'chachibwana amakhala akubisa mantha, ndipo mantha ake ndi akuti mungakavulale kutali kumene iye sangakufikeni. Akhazikeni pansi madzulo atadya, muwauze za wotsogolera njira, za ngamila, za tinyumba ta tiyi, ndiponso kuti mwana wawo yemwe adzakhala pambali panu. Awerengereni tsamba lino ngati kungathandize. Ndipo pa maulendo anu okonzekera aja, tsiku lina Loweruka apempheni akuperekezeni kuphiri, botolo la madzi anyamule iwo.

Mukabwerako mudzandilembere, mudzandiuze ngati dzanja lanu nalonso linkapita kumutu. Za ufa zija tidzakamba sabata ya mawa.